Chithunzi cha Ingunn cha pa Mathithi

Voss, 19 Okutobala

Wokondedwa mlongo wanga Aslaug,

Landira moni wanga, iwe ndi onse a pakhomopo. Kodi muli bwanji kumeneko? Bondo lako lija linaphwa, kapena ukungoyenda nalo mwamakani monga mwa chizolowezi chako? Nanga Amayi, chifuwa chija chinawasiya? Pa foni amangoti ali bwino, koma ine ndimamva mmene akupumira pakati pa mawu. Undiuze zoona zake.

Ife kuno tilipo. Mvula yagwa masabata atatu pafupifupi osapumira, mtsinje wadzaza mpaka ukunyambita mlatho wa kusiteshoni. Ntchito ndi yomwe ija ya basi, m'mawa ana a sukulu, masana nkhalamba zopita kuchipatala ndi kogula zinthu. Mwana wathu Sunniva anaimba foni Lamlungu kuchokera ku Trondheim. Akuti maphunziro akuyenda, koma chipinda chomwe akukhala n'chozizira ngati mosungira nsomba.

Ndikudziwa kuti wadabwa kulandira kalata kuchokera kwa ine. Ndayesa kawiri kukuuza nkhani iyi pa foni, ndipo kawiri konse ndathera pa za mvula ndi za maboti. Ndiye ndati bola pepala, silindidula mawu. Mu envelopu muno muli kaenvelopu kena komata. Usakatsegule usanamalize kuwerenga.

Ukukumbukira kuti mu Juni Amayi anapempha chithunzi chatsopano cha mlamu wako Ingunn, choti apachike pabalaza pafupi ndi zathu zija. Anati chomwe ali nacho ndi cha pa ukwati wa mwana wako Jorunn, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Anatinso sakufuna cha pa foni choti azichita kupinyira maso, akufuna cha pepala, chojambulidwa panja, mpongozi wawo akuoneka ngati munthu. Ine ndinavomera msangamsanga. Papita miyezi inayi, ndipo iwe wandikumbutsa katatu. Sikunali kuiwala ayi.

Ingunn akudwala, Aslaug.

Zinayamba chaka chatha nyengo ya chisanu. Tikakhala pa tebulo, chala chachikulu cha dzanja lake lamanzere chinkagwedera chokha, ngati munthu akupukusa kanthu kakang'ono. Iye ankachiphimba ndi dzanja linalo, ine n'kumayang'ana m'mbale. Tonse awiri tinkachita ngati sitikuona. Mu Febuluwale, akumeta mayi wina amene wakhala akumumeta zaka makumi awiri, chipeso chinamupulumuka, sizasi n'kukanda khutu la mayiyo. Bala lake linali laling'ono, mayiyo anangoseka, koma Ingunn anabwera kunyumba masana dzuwa lili pamutu n'kukhala pa masitepe atavala jekete.

Mu Malichi tinapita ku Bergen kukaonana ndi dokotala wa mitsempha. Anamuyendetsa m'khonde uku ndi uku, anamuuza kuti atsegule ndi kutseka zala, kenako anatchula dzina lija, Parkinson. Ndi matenda aja a Bambo. Ine ndinali nditawadziwa kale dokotala asanatsegule pakamwa, chifukwa kayendedwe kake m'khonde muja ndinakaonapo kukhitchini kwathu.

Mu Meyi anatseka malo ake ometera. Anthu anawauza kuti phewa likumuvuta. Ndipo anandiletsa ndithu kuti ndisanene chilichonse kumpoto kwanuko. Anati Amayi anasamala Bambo zaka zisanu ndi zinayi, akudziwa njira yonse ya matendawa kuyambira poyamba mpaka pothera, ndiye akangomva ayamba kumuwerengera zaka, ndipo azimuyang'ana ndi maso aja oyang'anira wodwala. N'chifukwa chake sitinabwere nyengo yotentha ija. Zoti abwana anandimana tchuthi zinali zabodza. Undikhululukire.

Koma chithunzi ndinali nditalonjeza. Kwa wojambula wa m'tauni Ingunn anakana kupitako, poti mkazi wa wojambulayo anali kasitomala wake. Ndipo ndinakumbukira kamera ija anandigulira anzanga a kuntchito nditakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi. Inali ikadali m'bokosi lake pamwamba pa kabati. Ndinaganiza kuti ndimujambule ndekha, mwanjira yoti dzanja lisaoneke kuti likugwedera, Amayi alandire chithunzi chawo, nkhani ithere pomwepo.

Nditaitulutsa ndinapeza mabatani ochuluka kuposa a m'basi. Ndiye ndinapita nayo kwa Oddvar, mkulu amene timayandikana naye nyumba. Anali wa positi mpaka anapuma ntchito, ndipo wakhala akujambula mbalame zaka makumi anayi. Pakamwa pake sipapuma, ndipo chibwerereni ine kuno sananditchulepo dzina langa, amangoti Wakumpoto.

Anandikhazika pakhonde pake, mkazi wake Gunnvor anabweretsa khofi ndi buledi wa tchizi chofiirira. Oddvar anatenga kamera ija, anaitembenuza, n'kupukusa mutu ataona kawilo ka pamwamba kali pa chizindikiro chobiriwira.

"Ukakasiya pobiriwirapa, kamera imaganiza m'malo mwako," anatero. "Ndipo ngakhale iwe Wakumpoto, wokula ndi kudya mitu ya nsomba, umaiposa nzeru pang'ono. Pang'ono pokha."

Anandiuza kuti zinthu zake ndi zitatu basi, zinazo n'zokongoletsa kuti azigulitsa modula. Choyamba ndi chibowo cha m'galasi la kutsogolo, polowera kuwala. Nambala yake imayenda chobwerera, ikakhala yaing'ono chibowo chimakula, ikakhala yaikulu chibowo chimachepa. Ndinamufunsa kuti anapanga zimenezo ndani, iye anati munthu wa ku Bergen, kuti avutitse anthu. Chachiwiri ndi kachitseko ka m'kati kamene kamatseguka ukadina batani.

"Kali ngati chitseko cha basi yako," anatero. "Ukatsegula n'kutseka nthawi yomweyo, alowa awiri. Ukachisiya chotsegula n'kumasuta fodya, alowa onse, ndi agalu omwe."

Chachitatu ndi chija analemba kuti ISO, mmene kamera imamvera kuwala. Anati panja masana ndizichisiya pa 100 kapena 200, ndikachikweza kwambiri chithunzi chimatuluka ngati wachiwaza mchenga.

Za nkhope ya munthu anati ndiike kawilo pa chilembo A, chibowo pa 4, kuti munthuyo aoneke ngwee koma za kumbuyo kwake zichite chimbuuzi. Kakadontho ka pakati ndizikaloza pa diso limene layandikira kwa ine, osati pa mphuno. Ndisamuyang'anitse dzuwa chifukwa akwinya nkhope, tsiku la mitambo ndiye labwino, ndipo anati mitambo kuno ndi chinthu chokhacho chimene boma silinachiikire msonkho. Ndinalemba zonsezi kuseri kwa kapepala ka nthawi za basi n'kukamata pa lamba wa kamera.

Masabata awiri ndinkaphunzirira pa Oddvar. Ndili ndi zithunzi zake zoposa mazana awiri, zambiri mphuno ili ngwee, maso ali mbuu. Anati ndikamwalira iye asanamwalire adzazifufuta yekha, kuopa kuti wina angaike chimodzi pa bokosi lake. Ingunn ankationera pawindo la kukhitchini. Tsiku lina ndinamuona mapewa akugwedezeka, ndinathamangira m'nyumba poganiza kuti akulira, koma ankaseka.

Ndi iye amene anasankha mathithi. Kumtunda kwa chigwa chomwe anakulira kuli mathithi amene ankasewerako ali mwana, mtunda wa theka la ola pa galimoto, kenako kanjira kokwera ka mphindi khumi. Anati ngati akupachikidwa pa khoma la apongozi ake, apachikidwe ndi madzi akwawo. Kenako anawonjezera, akupukuta kapu, kuti sakudziwa kuti kanjira kaja adzakwanitsa kukakwera kwa zaka zingati.

Ndinabwereranso kwa Oddvar kukafunsa za madzi. Anati madzi ndi nkhani ina. Ukatseka kachitseko mwachangu, madzi amauma m'malere, madontho ngati miyala, chithunzi chosakoma. Kuti aoneke ofewa ngati mkaka ukuthiridwa, uike kawilo pa chilembo S, kachitseko kakhale kotsegula kota kapena theka la sekondi. Pamenepo kamera sungaigwire m'manja, iyenera kuima pa choimikira cha miyendo itatu, ndipo kutsogolo uikeko kagalasi kakuda kochepetsa kuwala, apo ayi zonse zituluka zoyera. Ngakhale batani usadine n'kugwiririra, uiuze kamera idikire masekondi awiri chala chako chitachokapo.

Ndinamufunsa ngati zingatheke kujambula munthu ndi madzi ofewawo pamodzi. Anati zimatheka ngati munthuyo angakhale chete ngati mwala. Chilichonse chogwedezeka chituluka ngati utsi.

Pamenepo ndinamufunsa, ndikuyang'ana kumsewu, kuti nanga ndi nambala iti imene ingaimitse dzanja logwedera.

Oddvar anati gawo limodzi mwa magawo 500 a sekondi likwanira. Anamwa khofi wake, n'kunena kuti iye ndi Gunnvor anadziwa za dzanja la Ingunn kuyambira chisanu chitangotha.

"Ndinali wa positi ine, Halvard," anatero. "Zaka makumi atatu ndikupereka makalata m'manja mwa anthu. Manja ndimawaona."

Aka kanali koyamba kuti anditchule dzina. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi choimikira chake ndi kagalasi kakuda kaja, anati ndibweze ndikathana nazo, ndipo ndikagwetsera m'madzi ndidumphiremo nanenso.

Ulendo woyamba tinapita kumapeto kwa Seputembala, ndipo palibe chinayenda. Tinapeza basi ya alendo, anthu ali balala pa miyala, aliyense foni m'mwamba. Ingunn anaika dzanja m'thumba la jekete osalitulutsanso. Ine ndinali nditaiwala ISO pa 3200 chifukwa dzulo lake ndinkajambula mphaka m'nyumba, ndiye zithunzi zonse zinapsa, kuyera ngati khoma. Nditazindikira, galasi linali litadzaza timadontho ta madzi ouluka, ndinalipukuta ndi juzi n'kungolipaka mafuta. Ndinayamba kutukwana kamera, Ingunn anati watopa. Tinangobwerera kunyumba.

Ulendo wachiwiri ndi Loweruka lapitali. Mvula inakata m'mawa, kumwamba kuli phulusa, tsiku lenileni limene Oddvar ananena. Ingunn anamwa mankhwala ake pa nthawi yoti akhale akugwira ntchito tikamafika. Anakonza tsitsi lake yekha, zinamutengera ola lathunthu, ndipo anakana kuti ndimuthandize. Anavala juzi yofiira ija anamulukira Amayi chaka chimene Sunniva anabadwa.

Kanjira ka mphindi khumi kaja tinakakwera mphindi makumi anayi. Ine ndinali kutsogolo ndi katundu, ndipo kumbuyo kwanga ndinkamva phazi lake lamanzere likukhwekhwereza pa miyala. Aslaug, phokoso lake ndi lomwe lija. Khwe, kenako phazi linalo, khwe, kenako phazi linalo. Ndinangoti ndikacheuka ndiona Bambo atagwira khoma la kukhitchini. Sindinacheuke. Ndi iye amene anandiitana kuti ndimugwire dzanja pa malo poterera.

Pamwamba panalibe munthu. Madzi anali ochuluka chifukwa cha mvula ija, akugwa ndi mkokomo woti polankhula uzichita kukuwa. Ndinamukhazika pa mwala waukulu, msana atatsamira mtengo, mathithi ali kumbuyo kwake chakumanja. Ndinayang'ana kapepala kanga n'kuchita zonse mwadongosolo. Chibowo pa 4, kachitseko pa 500, ISO ndinakweza pang'ono chifukwa cha mthunzi, kadontho pa diso lakumanzere. Galasi ndinalipukuta ndi kansalu kake. Ndinajambula zithunzi makumi atatu, ndipo palibe chimene ndinalakwitsa.

Kenako ndinayang'ana pa kagalasi ka kumbuyo kuti ndione zomwe zatuluka. Dzanja linali phee pa bondo, ngati la munthu wabwinobwino. Juzi inali yofiira bwino, tsitsi lililonse likuoneka palokha. Koma nkhope sinali yake. Inali yosalala, youma, maso ali tong'o, ngati munthu amene akudikira kuti aitanidwe dzina ku ofesi. Ukuidziwa nkhope imeneyo, ndi imene Bambo anali nayo pa chithunzi cha pa Khirisimasi yomaliza ndili kwathu. Ine ndimakhala naye tsiku lililonse, koma sindinaone kuti matendawa ayamba kumulanda nkhope mpaka kamera itandionetsa.

Ndinamukuwira kuti amwetulire pang'ono.

"Ndikumwetulira kumene, Halvard," anatero.

Sindinathe kumuyang'ana. Ndinamuuza kuti apume kaye, ndijambuleko madzi okha poti Oddvar afunsa. Ndinaimika miyendo itatu ija pa miyala, ndinamangirira kamera, ndinaika kagalasi kakuda, kachitseko pa kota ya sekondi. Ndinatenga nthawi yaitali dala, nkhope nditaibisa kuseri kwa kamera, kuti asaone maso anga. Ndinkangodina batani, kamera n'kudikira masekondi ake awiri, n'kujambula, ine n'kudinanso. Sindinkaona n'komwe kuti iye akadali m'mbali mwa chithunzi.

Ndipamene anandiitana. Sanakuwe, koma ndinamumva.

"Halvard. Bambo ako atafika pamene ndafika inepa, unakwera sitima n'kubwera kummwera. Nanga pano uthawira kuti?"

Zaka makumi atatu ndi zitatu tili m'banja, sananenepo mawu amenewo. Ndinayankha zopusa. Ndinati ndakalamba, kulibe komwe ndingapite, ndipo nyumba ndi yathu tonse.

"Sindinafunse za nyumba," anatero. "Chiyambireni Malichi sunandiyang'anepo m'maso. Umayang'ana dzanja, umayang'ana phazi, pano wapeza kabokosi koti uzindiyang'aniramo. Ukaweruka kuntchito uli kwa Oddvar. Ndiye ngati unanyamuka kale, ungondiuza, ndidziwe kuti ndatsala ndekha."

Ndinaimirira chilili, chala chikadali pa batani. Ndinamuuza kuti ndikuopa. Ndinati ndikudziwa zomwe zikubwera, supuni, mabatani a malaya, kugwa m'bafa, mawu kuzimirira, ndipo nthawi ya Bambo ija sindinapirire ngakhale chaka chimodzi. Ndinati sindikudziwa ngati ndili munthu wotha zimenezi.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati nayenso akuopa, kuposa ine, poti thupi ndi lake. Anati sakundipempha kuti ndilimbe mtima, akungopempha kuti ndiziopa ndili pafupi. Ndinasiya kamera n'kukakhala naye pa mwala paja. Tinamwa khofi wa mu fulasiki, kapu imodzi, ine nditaigwira pansi pake kuti asatayike. Potsika ndinayenda pambali pake, ndipo zinatitengera pafupifupi ola.

Lamlungu masana tinakhala pa kompyuta kuti asankhe. Ndinamuonetsa makumi atatu abwino aja, ndikuloza mmene dzanja lakhalira phee, kuti Amayi sangadziwe kanthu. Iye ankangoti pitiriza, pitiriza. Titafika pa za madzi ndinati izi n'zongoyesera, koma anandigwira mkono kuti ndisatseke.

Pali chimodzi chimene kamera inajambula nthawi imene ankadikira yankho langa. Madzi atuluka monga ananenera Oddvar, oyera, ofewa, ngati nsalu yopyapyala yopachikidwa pa thanthwe. Iye ali m'mbali, mutu atatsamira mtengo, ndipo poti sanagwedeze mutu nkhope yaoneka bwino. Sakumwetulira. Nsidze zakwera, maso anyowa, wakwiya, ndipo ndi Ingunn weniweni, yemwe uja anakalipira woyendetsa sitima tsiku loyamba kubwera naye kwathu. Koma pa bondo pake, pamene payenera kukhala dzanja lamanzere, pali kamtambo chabe. Zala sizikuoneka. Mwana wamng'ono akhoza kuona kuti dzanjalo silinali chete.

Anati ndi chimenecho. Ine ndinatsutsa, ndinamukumbutsa kuti ndi iye amene anandiletsa kunena, ndipo Amayi akangoliona dzanjalo sadzafunsa n'komwe. Anandiyankha kuti pa zithunzi zonsezi iye ali pa chimodzi chokha, zinazo ndi mayi wina wovala juzi yake. Anatinso watopa kukhalira dzanja pa mpando anthu akabwera, watopa ndi phewa labodza lija. Ndipo ngati pali munthu m'dziko lino amene sangamuuze zoti zonse zikhala bwino, ndi apongozi ake, ndipo panopa akufuna munthu wotere.

Oddvar ndi amene watisindikizira. Atachiona pa kompyuta anayamba mwa chizolowezi chake, kuti chapendekeka ngati bwato la woledzera, munthu ndamukankhira kungodya, ndipo mwala wa kutsogolo wadya theka la malo. Ndinamufunsa ngati angachiwongole. Anavula magalasi, anawapukuta, n'kunena kuti ndikachikhudza andilanda kamera.

Chimenecho ndicho chili m'kaenvelopu kaja.

Tsopano mlongo wanga, pali mawu amene ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Pamene ndinkakwera sitima ija, ndinakuuzani kuti ndikukafuna ntchito ndipo ndibwerera chisanu chikatha. Ntchito inalipo kwathu, pa boti la amalume. Ndinathawa chifukwa sindinkatha kuona Bambo akulephera kukweza kapu, munthu amene ankakoka ukonde yekha. Iwe unali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, unali utalandira kalata ya ku sukulu ya uphunzitsi ku Tromsø, ndipo sunapite. Unatsala ndi Amayi kumanyamula Bambo kuwachotsa pa bedi kuwaika pa mpando, zaka zisanu ndi zinayi. Ine ndinkabwera sabata imodzi pa chaka ndi maswiti, n'kumakuuza kuti ukuoneka wotopa. Sunandidzudzulepo, ndipo ine sindinakufunsepo kuti zinali bwanji. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Changa chachedwa chabe. Sindikulemba izi kuti undiyankhe kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kanalipo. Ndikungofuna udziwe kuti ndikudziwa.

Dokotala akuti mankhwala a masiku ano ndi abwino kuposa a nthawi ya Bambo, ndipo akhoza kumugwiriziza zaka zingapo. Sanalonjeze kuposa pamenepo. Lachiwiri Ingunn anaterereka pa masitepe akutsika ndi zochapa, wavulala chigongono pang'ono chabe. Ndayamba kuyeza chipinda chapansi chija timasungiramo zinthu, kuti chipale chofewa chisanayambe kugwa tisamutsire bedi kumeneko. Sunniva tinamuuza mu Ogasiti, analira, akufuna kusiya sukulu abwere, koma tonse awiri tamukaniza. Pamenepo ndiye sindigonja.

Pempho langa ndi limodzi. Chithunzichi usachitumize kwa Amayi ndi munthu wina, ndipo usachisiye pa tebulo kuti achipeze okha. Upite nacho wekha, tsiku limene ulibe changu, masana atadya ndipo apuma. Ukhale nawo pansi, uwauze kaye ndi pakamwa pako, kenako uwapatse. Ndikudziwa kuti ndikukusenzetsanso katundu amene ndi wanga. Ndikadabwera ndekha, koma sindingamusiye Ingunn panopa, ndipo pa foni Amayi samva bwino, ndingachite kukuwa dzina la matendawa katatu. Ukawauza undiimbire uli pomwepo, ndilankhule nawo, Ingunn naye akuti alankhula. Akafuna kundikalipira chifukwa cha bodza la tchuthi lija, uwasiye andikalipire.

Kuseri kwa chithunzi Ingunn walembako mawu opita kwa Amayi. Ndi mizere itatu yokha, koma yamutengera m'mawa wonse wa lero, ndipo anayamba wayesera pa mapepala ena asanu. Zilembo zake zimayamba bwino kenako zimanka zichepa, mpaka kumapeto kwa mzere zikhala ngati nyerere. Ndinati ndimulembere, anandithamangitsa kukhitchini. Sindinawerenge, anamata yekha envelopu. Ngati Amayi alephera kuona mawu omalizira, uwawerengere ndiwe, koma usawakopere pa pepala lina.

Undiperekere moni kwa Amayi, uwauze kuti juzi ija ikadali yolimba. Moni kwa alamu anga a Steinar, ndamva kuti agulitsa boti, ndikudziwa kuti sizinali zophweka. Moni kwa Jorunn ndi mwamuna wake ndi kakhanda kaja sindinakanyamulebe, kwa azakhali a Borghild ngati akundikumbukirabe, ndi kwa asuweni athu onse a kutsidya kwa doko. Ingunn akuti ndikupatse moni wapadera, ndipo akuti ukapeza mpata umuimbire iwe wekha, ine ndili kuntchito, ali ndi mafunso amene sakufuna kuti ndiwamve.

Ndikathera pano, ndikukaponya kalatayi ndisanasinthe maganizo. Usamale bondolo.

Ndine mlongo wako,
Halvard